KUYESA NYUMBA YA NG'ANJO YA ATOMU

Munthu wocokera ku Petauke kupita ku Lusaka apitirira Nyimba, aoloka ulalo wa Luangwa, ndipo asanalowe m'mzinda afika pa Chongwe. M'caka ca 2018 Boma la Zambia linapangana ndi kampani ya ku Russia yochedwa Rosatom kuti ku Chongweko kumangidwe malo ophunzirira za mphamvu ya atomu, pamodzi ndi ng'anjo yaing'ono. Kufikira lero m'Zambia mulibe ng'anjo yotere. Koma cilala ca 2024, pamene madzi a Kariba anacepa ndipo magetsi anasowa, cinaonetsa kuti magetsi a madzi okha sakwanira. Cotero nkwabwino kuti anthu a pa migodi ndi a m'matauni adziwiretu m'mene ng'anjo zimenezi zisungidwira kumene ziliko.

MIPANDA ITATU

Ng'anjo ya atomu ilibe nkhuni kapena malasha. Imatenthedwa ndi yureniyamu, wocokera m'mwala wonga umene unakumbidwa pa Mindola ku Kitwe pakati pa 1957 ndi 1959. Kutenthako kupanga nthunzi, nthunziyo izunguza makina a magetsi. Bvuto lace ndi lakuti zotsala za yureniyamu zitulutsa ceza coopsa, cosaoneka, cosanunkha, cimene cidwalitsa anthu ndi kuipitsa minda zaka zambiri.

Cifukwa cace amisiri amacinga ng'anjo ndi mipanda itatu. Woyamba ndi timapaipi ta citsulo m'mene yureniyamu atsekeredwa. Waciwiri ndi mphika waukulu wa citsulo ndi mapaipi ace, m'mene muyenda madzi otentha pafupi-fupi madigiri 300. Wacitatu ndi nyumba yokuta zonsezo. Paipi yaikulu ikaphulika, madzi aja asanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo nchito ya nyumbayo ndiyo kugwira nthunzi ndi ciphe cace kuti zisafike kunja.

M'Africa muno malo opangira magetsi a atomu amene ali kugwira nchito ndi amodzi okha, a Koeberg, kufupi ndi Cape Town. Ng'anjo yace yoyamba inayamba kupereka magetsi mu 1984, yaciwiri mu 1985. Khoma la nyumba iri yonse ndi la konkire, locindikala pafupi-fupi mita imodzi, lomangidwa ndi zingwe za citsulo, ndipo m'kati mwace anamatamo citsulo ca mamilimita 6.

KUPOPA NYUMBA NGATI CUBU

Khoma lotere munthu akaliona ayesa kuti palibe cingalipyole. Koma akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pakhomapo padzera mapaipi ndi nthambo za magetsi zambiri-mbiri, ndiponso pali makomo olowera anthu ndi katundu. Mphira wa pa citseko auma, valavu ileka kutseka bwino, dzimbiri lidya citsulo, ndipo maso okha sangadziwe.

Wokonza njinga pa msika wa Nyimba sakhulupira cubu cifukwa ca maonekedwe ace. Acipopa, acimiza m'beseni la madzi, nayang'ana pamene pabwira thobvu. Amisiri a ng'anjo acita cimodzi-modzi ndi nyumba yathunthu. Ayamba azimitsa ng'anjo, atulutsa anthu onse, natseka makomo. Pamenepo makompresa, onga aja opereka mpweya ku makina oboolera mwala pansi pa mgodi, apopera mpweya wouma m'nyumbamo pang'ono-pang'ono. Ku Koeberg aupopa kufikira ulimba pafupi-fupi kawiri kuposa wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Cimeneci cioneka cacing'ono, koma pa khoma ponse pamene pali mita imodzi uku ndi uku, mpweyawo ukankha ndi mphamvu ya matani 40.

Atatha kupopa, atseka mavalavu nadikira, cifukwa mpweya uli ndi cinyengo. Tayala losiyidwa pa dzuwa lilimba, usiku lifewako, ngakhale liribe ciboo. Motero m'nyumbamo aikamo zoyezera kutentha ndi cinyezi m'malo ambiri, pansi ndi pamwamba, kuti asiyanitse mpweya umene wangozizira ndi umene wathawadi. Kuwerengako kutenga usana ndi usiku, maola 24. Nthawi yomweyo anthu ena azungulira kunja, namvetsera, napaka madzi a sopo m'malo olumikizira. Ena ayeza m'mene khoma lafufumira, ndi kuona ngati libwerera m'malo mwace mpweya ukaphwetsedwa.

Palibe nyumba yosataya mpweya konse. Lamulo liika malire, ndipo pa ng'anjo zambiri malirewo safika pa gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya wonse pa tsiku. Akapyola, ng'anjo siyatsidwa kufikira pothawira mpweya papezeka ndi kukonzedwa. Kuyesa nyumba yonse kubwera patapita zaka, koma makomo ndi mavalavu amayesedwa pa okha kawiri-kawiri.

PAMENE NYUMBA INAGWIRA, NDI PAMENE INALEPHERA

Mu 1979 pa Three Mile Island ku America, pafupi-fupi theka la za m'kati mwa ng'anjo linasungunuka, koma nyumba inagwira, ndipo ceza cimene cinatuluka cinali cocepa. Mu 1986 pa Chernobyl ku Ukraine ng'anjo inaphulika iribe nyumba yotere; anthu onse okhala m'makilomita 30 kuzungulira anasamutsidwa, minda yao nigonera. Mu 2011 pa Fukushima ku Japan nyumba zinalipo, koma cibvomezi ndi mafunde a nyanja zinathetsa magetsi a mapampu oziziritsa, nthunzi inakula kuposa muyeso umene nyumbazo zinamangidwira, ndipo anthu oposa 100,000 anacoka m'makwao.

Ku Koeberg mdani wa khoma ndi mcere. Mphepo ya ku nyanja iulowetsa m'konkire, zitsulo za m'kati zicita dzimbiri, konkire ning'aluka. Kampani ya Eskom yakhala ikukonza malo otere. Nyumba zonse ziwiri zinayesedwa ndi mpweya mu 2015. Mu 2024 a National Nuclear Regulator analola ng'anjo yoyamba kugwirabe nchito kufikira 2044, ndipo mu 2025 nyumba yace inapopedwanso.

Munthu wa pa mgodi salowa pa malo amene paphulitsidwa asanagogode denga ndi citsulo, ngakhale dzulo linali lolimba. Nzeru yomweyo ndiyo iyenera pa ng'anjo ya atomu. Tsiku limene nkhani ya kumanga ng'anjo idzafika pa bwalo la mfumu kapena la khonsolo, mafunso oyenera ndi awa: nyumba yace idzayesedwa patapita zaka zingati, ndani wosalipidwa ndi eni ng'anjo adzaonerera, ndipo kodi zopezeka zidzalengezedwa kwa anthu okhala pafupi?