Oimba Magitala a Magetsi Akumbukira Maholo a Lusaka

Mu Kabwata muli mseu wochedwa Paul Ngozi Road. Ana ambiri oyenda pa mseuwo samdziwa mwini dzinalo, koma akulu amene anali anyamata m'zaka za m'ma 1970 amkumbukira bwino lomwe. Dzina lace lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949, nakulira m'Chibolya, komboni yoyandikana ndi Kanyama, ndipo gulu lace la oimba linachedwa Ngozi Family.

Nyimbo za mtundu umene iye anali kuimba zinapatsidwa dzina lakuti Zamrock ndi Manasseh Phiri, muulutsi wa pa wailesi. Cizindikiro cace cinali kabokosi kakang'ono kamene woimba aponda ndi phazi, ndipo pomwepo mau a gitala asanduka aukali ndi okhakhala monga kulira kwa cigayo. Ca m'ma 1976, ku London ndi ku New York kunabuka nyimbo zochedwa punk, zazifupi ndi zaphokoso, zoimbidwa m'tinyumba ta mowa tothithikana monga CBGB ya ku New York. Azungu amene anadzamva mbale za Ngozi Family patapita zaka zambiri anati nyimbozi n'zapacibale. Kunena kumeneku n'koona pang'ono cabe, pakuti mnyamata wa ku Chibolya sanatengere kwa iwo ai. Mbale yace ya Day of Judgement inatuluka mu 1976 momwemo, ndipo amene iye ndi anzace anali kuwamvera ndiwo Jimi Hendrix, Black Sabbath ndi James Brown.

Tsono inu omvera a m'migodi ndi a m'matauni mudziwa kuti gitala wa magetsi salira popanda magetsi. Masiku amenewo nyumba zambiri za m'George, m'Chawama, m'Kanyama ndi m'Kalingalinga zinali kuunikira ndi koloboi kapena kandulo. Mnyamata anali kuphunzira kuimba pa banjo yodzipangira ndi cigubu ca mafuta, thabwa ndi waya. Pofuna kupitirira pamenepo, anayenera kupeza malo okhala ndi magetsi: holo ya kanselo, bawa, hotela, kapena kalabu ya mgodi ku Copperbelt. Motero holo sinali malo ovinira okha. Inali sukulu, inalinso malo a nchito.

Cimene oimba otsala acikumbukira kawirikawiri ndico cakuti zipangizo sizinali zao. Magitala, ng'oma ndi zokuzira mau zinali zodula kwambiri, ndipo mwini wace anali mwini bawa kapena manijala wa gulu. Ndarama zinali kucokera pakhomo, kwa anthu olipira polowa. Mwini zipangizo anali kuyamba watapa gawo lace, ndipo anyamata anali kugawana zotsala. Woimba akakangana ndi bwana wotere, tsiku lomwelo anali kutsala manja lende, cinkana akhale katswiri wodziwika m'tauni monse.

Wina amene wafotokoza zambiri za masiku aja ndiye Bambo Emmanuel Chanda, amene anthu anamucha Jagari cifukwa ca kabvinidwe kace konga ka Mick Jagger wa gulu la Rolling Stones. Gulu lao la WITCH linayambira ku Kitwe, koma linali kuzungulira dziko lonse, ndipo ku Lusaka linali kudzaza maholo. Iwo asimba za kuimba maora ambiri usiku umodzi, ndi za anthu ounjikana pakhomo kufikira apolisi aitanidwa kudzaletsa cipwirikiti. Za Paul Ngozi, amene anamuona akumbukira kuti anali kuliza gitala ndi mano. Cacikuru koposa pa iye cinali cakuti anali kuimba m'Cingerezi capafupi ndi m'Cinyanja ca m'tauni, za umphawi, za mowa ndi za mabvuto a m'banja. Munthu wa ku Matero pomva nyimbo zotere anali kuzindikira khomo la mnansi wace.

Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za Zambia. Lamuloli linawatsegulira khomo anyamatawa. Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour anayamba kutulutsa mbale zao zambiri, ndipo kampani ya Teal inali kuziumba ku Ndola.

Koma mwai umenewu unafika pamodzi ndi tsoka. Mu 1975 mtengo wa kopa unagwa, ndipo munthu amene kale anali kusunga kangacepe ka Loweruka anayamba kuwerengera za ufa. Pambuyo pace nkhondo ya ku Rhodesia inaloweza m'Zambia. Mu October 1978 ndeke za asilikari a Ian Smith zinaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo mu April 1979 asilikariwo analowa m'Lusaka mwenimweni nagumula nyumba ya Joshua Nkomo. Boma linaletsa kuyenda usiku, nilamulanso kuzima magetsi. Kwa kalaliki lamulo lotere litanthauza kufika msanga kunyumba. Kwa woimba linatanthauza kutha kwa nchito. Bambo Chanda akumbukira kuti magulu anatsala ndi kuimba masana, nthawi imene anthu a ndarama ali ku nchito. Iwo eni anasiya gulu, nakaphunzira uphunzitsi, ndipo pambuyo pace anakhala zaka zambiri akukumba miyala ya mtengo wapatari.

Pamene usiku unatsegukanso, eni mabawa anali atapeza njira yochipa. Munthu mmodzi wokhala ndi makina a disiko anali kubvinitsa holo yonse, osafuna gawo la anthu asanu. Ofuna nyimbo za kwao anatembenukira ku kalindula ya Amayenge ndi P. K. Chishala. Matenda a Edzi anadza pamwamba pa zonsezi natenga oimba ambiri a mbadwo uja. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ali ndi zaka 40. Mwa amene anayamba gulu la WITCH anatsala Bambo Chanda okha.

Matepi ambiri a nyimbozi anatayika. Bambo Rikki Ililonga, wa gulu la Musi-O-Tunya, anasunga ao, ndipo mu 2010 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inawatulutsanso. Mbale zina anacita kuzifunafuna kwa anthu amene anazisunga m'masutikesi. Gulu la WITCH linaukanso, ndipo mu 2023 linatulutsa mbale yatsopano yochedwa Zango. Mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga cigawo ca nyimbo ina ya pa mbale ya Ngozi Family ya 1977, yochedwa 45,000 Volts, naciika m'nyimbo yace. Ana a ku Chawama ndi ku Mtendere amene anaimva pa foni anadabwa kumva Cinyanja ca ku Lusaka m'kati mwace, ndipo ena anakafunsa agogo ao kuti woimbayo ndani.