Khobidi lachilendo m'chitini cha agogo: n'chuma kapena n'chinyengo?

Makolo ndi inu amene mwangolowa kumene m'banja, pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi kachitini kapena kabotolo kosungiramo makobidi akale. Muli a nkhope ya Kamuzu, 10 tambala ya zisononkho za chimanga, 20 tambala ya njovu, mwinanso makobidi a ku Britain amene achimwene adabwera nawo. Ndiye tsiku lina mwana akubwera wefuwefu: "Adadi, ndalama iyi njosiyana ndi zinzake, akuti tikhoza kulemera nayo!" Musanayambe kukangana za kagawidwe ka ndalama zomwe simunazione, tiyeni tikambirane.

Nkhani yonse yagona pa funso limodzi. Kodi chilema chili pa khobidicho chidachitika kufakitale yosulira ndalama, kapena chidabwera khobidilo lili kale m'manja mwa anthu? Choyambacho ndicho osunga makobidi amachitcha mint error, ndipo amachigula. Chachiwiricho amachitcha post-mint damage, ndipo chimangotsitsa mtengo. Khobidi lopondedwa ndi minibasi, lomenyedwa ndi hamala, lopsa pamoto kapena lodzimbirira m'dothi ndi lowonongeka basi.

Kuti musiyanitse, dziwani mmene khobidi limapangidwira. Amayamba ndi kachitsulo kozungulira kopanda chizindikiro, kotchedwa planchet. Kachitsuloko amakapanikiza mwamphamvu pakati pa zidindo ziwiri zotchedwa die. Mbali ya kumutu, kumene kumakhala nkhope kapena chizindikiro cha dziko, ndi obverse. Kuseri ndi reverse. Kamzere kotukuka kozungulira m'mphepete ndi rim. Choncho cholakwika chenicheni chimachokera pa kachitsuloko, pa chidindo, kapena pa kudindako.

Ngati kachitsulo kadakhala mopendekera, chithunzi chimathawira mbali imodzi, mbali inayo n'kutsala yosalala. Imeneyi ndi off-centre strike. Ngati kadadulidwa molakwika, khobidi limaoneka ngati lalumidwa m'mphepete mokhota bwinobwino, ndipo amati clipped planchet. Chidindo chikang'aluka, chimasiya kamzere kotukuka pa khobidi, kotchedwa die crack. Apa gwirani mfundo: mng'alu wa chidindo umatukuka pamwamba, pamene kukanda kwa msomali kapena mpeni kumalowa mkati.

Pali china chotchedwa doubled die, pamene chidindo chenichenicho chidapangidwa ndi zilembo zobwereza. Chotchuka ndi senti ya ku America ya 1955 ya nkhope ya Abraham Lincoln, yomwe chaka ndi zilembo zake zimaoneka ziwiriziwiri ngakhale ndi maso okha.

Amene muli ndi abale ku Britain, tcherani khutu. Mu 2008 a Royal Mint adasintha maonekedwe a makobidi awo, ndipo chaka cha pa 20 pence chidachoka kuseri n'kupita kumutu. Mwangozi, ena adadindidwa ndi chidindo chakale cha kumutu ndi chatsopano cha kuseri, motero adatuluka opanda chaka mbali zonse ziwiri. Khobidi lotere, la zidindo ziwiri zosayenera kukhalira limodzi, amalitcha mule, dzina la nyama yobadwa kwa bulu ndi hatchi. Ambiri mwa makobidiwa adapezeka m'chenji cha tsiku ndi tsiku.

Koma chenjerani, pakuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Mudzamva kuti 2 pence yolembedwa NEW PENCE ndi yodula. Zoona zake n'zakuti mawu amenewo adali pa 2 pence iliyonse kuyambira 1971 mpaka 1981, ndiye si chachilendo ayi. Yosowayo ndi ya 1983 yokha, pakuti chaka chimenecho idayenera kulembedwa TWO PENCE.

Chimodzimodzi senti ya ku America ya 1943. Chaka chimenecho masenti adapangidwa ndi chitsulo chifukwa mkuwa unkafunika kunkhondo, koma ochepa kwambiri adadindidwa mwangozi pa mkuwa wotsala. Akamberembere amakuta ya chitsulo ndi mkuwa n'kumanamiza anthu. Mankhwala ake ndi maginito. Ikamata, njabodza. Chinanso, mukatembenuza khobidi la ku America ngati tsamba la buku, kuseri kumaoneka chadodolido. Adalipanga choncho dala, si cholakwika.

Nanga athu akunowa? Kwacha ndi tambala zidayamba mu 1971, ndipo makobidi ake adadindidwa ambirimbiri. Ukale wokha sukweza mtengo. Chimene ogula amayang'ana ndi kusowa kwa khobidilo, maonekedwe ake, ndiponso ngati cholakwikacho chili chenicheni.

Tsono mukapeza khobidi lokayikitsa, chitani izi. Choyamba, musalitsuke. Amayi, tikudziwa kuti phulusa, mchenga ndi mandimu zimawalitsa mapoto, koma pa khobidi zimasiya timikwingwirima tomwe timapha mtengo wake. Chachiwiri, ligwireni m'mphepete, n'kuliyika lokha m'kaenivelopu. Chachitatu, pezani linzake la chaka chomwecho, muziyike pamodzi powala, muziyerekeze ndi galasi lokuzira zinthu. Ngati pali sikelo yoyeza zinthu zing'onozing'ono, yezani zonse ziwiri. Chachinayi, lembani zimene mwaona ndi mawu ake enieni: dziko, chaka, mbali, ndi mtundu wa chilemacho. Munthu amene akuti "die crack pa reverse" savuta kumuthandiza, ndipo savutanso kumulemekeza pamtengo.

Koposa zonse, musapereke ndalama kwa munthu amene akuti ali ndi wogula wakunja koma mutsogoze kaye ya thiransipoti kapena yoyezetsera. Wogula weniweni ndiye amalipira inu. Ndipo abambo, musatenge ndalama ya fizi kapena ya feteleza kukagula khobidi mayi a kunyumba asakudziwa. Safunsa adadya phula.

Mwina m'chitinimo simupezeka chuma. Komabe madzulo ano khuthulirani makobidiwo pamphasa, muitane ana, muwapatse galasi lija. Aphunzira kuyang'anitsitsa chinthu asanakhulupirire za m'maluwa, ndipo agogo awasimbira zimene 20 tambala inkagula masiku amenewo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.