Hina wa mkwatibwi: ntchito ilipo, koma chenjerani ndi wakuda

Loweruka lina ndinakwera minibasi ya ku Mchinji n'kutsikira pa Chitedze. Msuweni wanga amakwatiwa ndi mnyamata wachisilamu wa ku Salima. Anthu pa ukwatiwo sanakambe za mpunga kapena za diresi ayi. Nkhani inali manja a mkwatibwi, omwe anali ndi maluwa ofiirira kuchokera m'zala mpaka m'zigongono. Agogo ena anafunsa ngati zinali mphini zamakono. Atamva kuti zifufutika pakatha masabata awiri kapena atatu, anaseka: "Ndiye ana inu muli ndi mwayi, ife timalira ndi lumo."

Wojambulayo anali mtsikana wa ku Mpingu, wolemba Fomu 4 koma ntchito osaipeza. Luso analiphunzira akugwira ntchito pa nyumba ya amwenye mu Lilongwe. Iwo amati mehndi, ife timati hina. Nditamuyamikira anati: "Achimwene, kujambula n'kwanga, koma mtundu amaupanga mkwatibwi mwini wake."

Amanena zoona. Hina weniweni ndi ufa wa masamba a kamtengo kotchedwa Lawsonia inermis. M'masambamo muli utoto umene umalowa pang'onopang'ono m'khungu lapamwamba. Choncho phalalo liyenera kukhala pa thupi maola 6 kapena kuposerapo. Likayamba kuuma amalinyowetsa pang'ono ndi madzi a mandimu osakaniza ndi shuga kuti lisayoyoke. Pochotsa sasamba, amangopala. Apa ndi pomwe akwatibwi ambiri amakhumudwa, chifukwa maluwa amatuluka otuwa ngati dzungu. Musadandaule. Mtundu umada wokha ndi mpweya m'masiku awiri. Ndiye ngati ukwati uli Loweruka, jambulitsani Lachinayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Vuto lathu lili apa. Tsiku loyamba manja safuna madzi, ndipo masiku otsatira safuna sopo wochapira, Jik, kapena kukwecha mapoto ndi mchenga ndi phulusa. Koma kwathu kuno mkwatibwi akalowa pakhomo, m'mawa mwake apongozi amayang'ana ngati alawira kudilawo. Azimayi a ku Nsaru ndi Kabudula mukudziwa zimene ndikunena. Ine ndikuti mupatseni mwanayo masiku atatu okha apume. Akati asambe, ayambe wadzola mafuta ophikira kapena a kokonati pa maluwapo. Ulesi suoneka m'masiku atatu.

Tsono pali china chimene chinandiwawa mtima. Mmodzi mwa operekeza mkwatibwi anafuna zachangu. Anapita m'tauni kwa munthu wina amene anamujambula maluwa akuda bii m'kanthawi kochepa. Pa ukwati anali kuwaonetsa aliyense. Patatha sabata anthu anandiimbira foni kuti ali ku chipatala, mkono watupa, matuza atsata ndendende momwe munadutsa maluwa muja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Abale anga, hina wakuda kulibe. Chimene amathiramo ndi mankhwala odetsera tsitsi otchedwa PPD. Mankhwalawa saloledwa kupakidwa pa khungu motere ku America ndi ku mayiko a European Union. Amatha kusiya zipsera, ndipo thupi likadana nawo kamodzi, munthu amavutika moyo wake wonse akangodaya tsitsi. Hina weniweni phala lake limakhala lobiriwira, limanunkhira masamba, ndipo silitulutsa mtundu wakuda pa ola limodzi. Komanso makanda asapakidwe hina ngakhale weniweniyo, pakuti kwa ana obadwa ndi vuto la magazi la G6PD amatha kuononga magazi.

Kwa inu ophunzira amene mwatopa ndi kulemba makalata ofunsira ntchito, msika ulipo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya anthu m'dziko muno, ndipo maukwati awo ndi zikondwerero za Eid sizitha. Atsikana achikhristu nawonso ayamba kuzikonda. Mpamba wake si wa galimoto: ufa, mandimu, shuga ndi timapepala tapulasitiki topinda ngati nyanga. Mtsikana wa ku Mpingu uja anayamba pojambula pa pepala, kenaka pa manja a azing'ono ake mwaulere, mpaka dzanja linasiya kunjenjemera. Lero amajambula ndi foni chithunzi cha ntchito iliyonse, n'kutumiza pa WhatsApp, ndipo makasitomala amachokera mpaka ku Namitete ndi Nambuma. Malamulo ake ndi atatu: kusakaniza yekha phala, kulandiriratu theka la ndalama, ndi kukana wakuda ngakhale kasitomala akwiye bwanji.

Musaione ngati ntchito yachibwana. Mu Disembala 2024 bungwe la UNESCO linaika hina pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu chofunika kusungidwa, mayiko 16 achiarabu atapempha. Ku India, tauni ya Sojat m'chigawo cha Rajasthan imatchuka ndi ulimi wa mbewuyi. Ife timagula wochokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zochokera kunja zinakwera mtengo. Nanga akatswiri a zaulimi pa Chitedze pompa, amene akhala akufufuza mbewu kuyambira 1948, bwanji osayesa kamtengo kokonda kutenthaka ku Salima kapena ku Chikwawa? A TEVETA aganizire zophunzitsa lusoli mwadongosolo, ndipo a Malawi Bureau of Standards ayendere m'mashopu aone zimene zili m'timapaketi tolembedwa kuti hina wakuda.

Kwa inu amalonda, phindu la pa paketi imodzi silingalipire khungu la mwana wa mnzanu. Maluwa a msuweni wanga anafufutika kalekale ndipo ali pa banja lake bwinobwino. Mnzake uja mpaka lero amavala malaya a manja aatali, ngakhale mu Okutobala.