Misewu yopanda akuba ya Caesar

Gemu ya pa kompyuta ya Fallout: New Vegas inatuluka mu 2010, koma kuno ku Sanga yautsa mkangano woposa wa mpira. Nkhani yake ikuchitika mu 2281, dziko la America litapserera ndi mabomba a nyukiliya, ndipo magulu akulimbirana damu la Hoover, gwero la madzi ndi magetsi.

Gulu la New California Republic limachita zisankho, koma ladzala ndi ziphuphu, limakhometsa misonkho, ndipo misewu likulephera kuiteteza. Gulu la Caesar limagwira anthu ukapolo ndi kupachika otsutsa pamtanda, koma amalonda m'dera lake amayenda osaopa achifwamba.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti anyamata ambiri ali kumbali ya Caesar. Mwana wa mchemwali wanga, amene anaberedwa matumba a usipa chaka chatha, anandiuza kuti: "Amalume, ufulu sadyera nsima." Sindimuseka, kuberedwa kumawawa. Koma mu gemuyi wosewera amasankha gulu ali mfulu, mfuti ili m'manja. Palibe amene amayamba ali kapolo pamsasa wa Caesar.

Mawu akewo ndinawamvapo kale kwa akuluakulu onena kuti nthawi ya Kamuzu kunalibe akuba. Anyamatawa anabadwa 1994 itadutsa. Ine ndinalipo, ndipo ndikukumbukira kubwezedwa pamsika chifukwa chopanda khadi la chipani. Orton Chirwa, mwana wa boma lathu lino la Nkhata Bay, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.