Geni ya pa Ilala: zimene amalonda achikulire amawerengera asanakwere sitima

Sitima ya MV Ilala imanyamula maulendo awiri nthawi imodzi. Pamwamba penipeni, pomwe pali bala ndi mipando yoyang'ana kunyanja, pamakhala alendo odzaona malo, ena mwa iwo azungu opuma pantchito amene adasunga ndalama kuti adzaone zilumba ndi mapiri a ku Usisya ali pamadzi. Sitima ikachedwa ndi maola asanu, iwo apezapo nkhani yokasimba kwawo. Pansi, pakati pa matumba a ufa, makatoni a sopo, makireti a zakumwa ndi madengu a usipa, pamakhala anthu a geni, ndipo kwa iwowa maola asanu omwewo ndi tomato wofewa kapena kasitomala amene watopa kudikira n'kukagula kwa wina.

Pakati pa anthu a pansiwa pamakhala amayi ndi abambo a zaka za m'ma 50 ndi 60 amene akulira pa njira imeneyi. Mnyamata woyamba kumene geni amafunsa mtengo wa tikiti n'kuganiza kuti masamu atha. Achikulirewa amayamba n'kuwerenga masiku amene mpamba ukhale pamadzi, kenako amadzifunsa ngati mawondo ndi msana zipirire ulendowo. Tikiti imabwera pomaliza.

Sitimayi nayonso ndi gogo. Idapangidwa m'chaka cha 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow m'dziko la Scotland, idabwera kuno ili m'zidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo idayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1951 italumikizidwa ku Monkey Bay. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 52. Kwa zaka zoposa 70 yakhala ikuyenda pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba m'boma la Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 480, n'kumaima m'malo monga Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. Ku Ruarwe kulibe msewu wa galimoto, choncho shuga kapena simenti yofika kumeneko imadzera pamadzi kapena pamutu.

Ndondomeko imene yakhala ikutsatidwa kwa zaka zambiri njakuti sitima imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, imadzera ku Likoma Loweruka, imatembenukira ku Chilumba, n'kudzafikanso ku Monkey Bay Lachitatu. Pobwerera imanyamuka ku Nkhata Bay Lolemba usiku n'kufika ku Likoma Lachiwiri. Tanthauzo lake kwa wamalonda wochokera ku Mzuzu kapena ku Nkhata Bay ndi ili: akatsika pachilumba Lachiwiri, Ilala yomubwezera kumtunda idzamupeza Loweruka. Kuyambira tsiku lopikula katundu mpaka tsiku lobwerera pa benchi lake pamsika, sabata yatha. Masiku onsewo amadya, amalipira pogona, ndipo pamsika pake payima mwana kapena mnzake amene sangakambirane mitengo monga mwini. Zonsezi n'zofunika kuziika pa mtengo wa katundu asanatchule phindu.

Ndondomekoyo si lumbiro. Katundu akachuluka padoko limodzi, maola amatayika pamenepo ndipo sabwezeka, amangosefukira pa madoko otsatira. Sitimayi imapitanso kokonzedwa ku Monkey Bay, nthawi zina kwa masabata angapo. Pamakhala zombo zina zocheperapo zoyenda pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma, koma malo a katundu sangafanane ndi a Ilala. Wanzeru amafunsa ku ofesi ya padoko asanapikule kanthu, osati atafika kale ndi matumba khumi.

Nanga n'chiyani choyenera kunyamula? Chilumba cha Likoma n'chaching'ono, pafupifupi masikweya kilomita 18, nthaka yake ndi ya mchenga ndi miyala, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu 14,527 m'boma lonselo kuphatikizapo Chizumulu. Anthu ochuluka chotere sangadyetsedwe ndi minda ya chinangwa yokha, n'chifukwa chake ufa, nyemba, shuga, mchere, mafuta ophikira, sopo ndi kaunjika zimachokera kumtunda. Msika ulipo ndithu. Vuto lake n'lakuti onse amafika tsiku limodzi. Sitima ikatsitsa, tomato ndi kabichi zimadzaza pamsika wa Mbamba nthawi imodzi, ndipo wogulitsa amakakamizika kutsitsa mtengo chifukwa katundu wake sangadikire. Amene wabweretsa nyemba kapena shuga akhoza kuleza mtima masiku awiri atatu, n'kugulitsa pamene enawo zawathera. Ichi n'chifukwa chake achikulire ambiri amasiyira achinyamata katundu wovunda msanga. Phindu la tomato likhoza kuoneka lalikulu papepala, koma limafuna munthu wothamanga, komanso sitima yosachedwa.

Pobwerera, ndalama ili mu nsomba, makamaka usipa ndi utaka. Apa mwezi ndiwo umalamula. Usipa amaupha usiku ndi nyali, ndipo mwezi ukamawala kwambiri nsombazo sizisonkhana pa kuwala kwa nyali, choncho pa mathandala pamakhala pouma ndipo mtengo umakwera. Wopita kukapikula nsomba mwezi uli mbee amakabwerako ndi madengu osadzaza kapena nsomba zodula. Ulendo wabwino ndi wogwirizana ndi masiku a mdima. Kuuma kwa nsomba nakonso n'kofunika kukuonetsetsa ndi dzanja mpaka pansi pa mulu, pakuti usipa wosauma bwino ukatsekeredwa m'thumba usiku wonse pamalo otentha umafika wasintha fungo. Wouma kwambiri nawo umafuna dengu lolimba, chifukwa m'sitima anthu amaponda ndi kukhalira chilichonse, ndipo usipa ukasanduka zinyenyeswa zigoba zimachepa pokagulitsa.

Koma malo amene amalonda amaluzapo kwambiri si pamsika ayi. Ndi pokwera ndi potsika.

M'malo ambiri sitima sifika kumtunda. Imaponya nangula patali, ndipo anthu ndi katundu amatengedwa ndi maboti a sitimayo kapena a eni ake amene amalipiritsa pawokha. Kuchoka m'boti kulowa m'sitima kumafuna kukwera makwerero achitsulo, boti likuvinavina pansi, anthu akukankhana kumbuyo, kawirikawiri mumdima. Potsika m'malo osaya monga ku Nkhotakota munthu akhoza kumaliza ulendo akuyenda m'madzi. Kwa wa zaka 25 izi n'zoseketsa. Kwa mayi wa zaka 62 wodwala nyamakazi, phazi likaterereka kamodzi geni yaima miyezi, ndipo ndalama zachipatala zimadya mpamba wonse.

Njira ya achikulire njosavuta kuifotokoza. Manja onse awiri azikhala opanda kanthu pokwera, chikwama chili kumsana kapena chomangidwa ndi chitenje. Nsapato zikhale zogwira phazi, osati masilipasi amene amavuka m'madzi. Katundu wolemera anyamule anyamata aganyu, koma mtengo ukambidwe thumba lisanachoke pansi, ndipo kulipira kukhale katundu atafika pamene adagwirizana. Amene amayenda kawirikawiri amakhala ndi mnyamata mmodzi wodziwika padoko lililonse, ndipo amamuimbira foni sitima isanafike. Ena amaona ngati ndalama ya aganyu ndi yotaya, komatu ndi yochepa poyerekeza ndi thumba limodzi la shuga logwera m'nyanja. Boti loyamba si lokwera munthu wamkulu, chifukwa ndi limene aliyense amalimbirana. Sitima sichoka isanamalize kutsitsa, choncho kudikira lachitatu kapena lachinayi sikuluzitsa kanthu.

Matumba onse a ufa amafanana, makamaka usiku. Dzina lolembedwa ndi penti mbali ziwiri, kapena kansalu ka mtundu umodzi komangidwa pakamwa pa thumba lililonse, kamapulumutsa mikangano yambiri. Kuwerenga katundu kukhale katatu: pagombe, atalowa m'sitima, ndiponso atatsika. Katundu wambiri amalipiridwa payekha, ndipo lisiti yake isungidwe m'kapepala ka pulasitiki pamodzi ndi tikiti, pakuti popanda iyo dandaulo lililonse ndi mawu chabe. Shuga, mchere ndi ufa zimafuna pulasitiki m'kati mwa thumba, chifukwa pansi pa boti sipauma.

Nkhani ya kalasi imagawanitsa anthu. Ilala ili ndi malo otchipa kwambiri pansi, kalasi yachiwiri ya mipando yofewerapo, malo apamwamba opanda zipupa pomwe munthu akhoza kubwereka matiresi, ndi zipinda zochepa zogona zimene zimafuna kusungitsiratu. Pansi pamatentha, phokoso la injini silileka, ndipo pa tsiku lodzaza munthu amagona chokhala, miyendo ili pa katundu wa eni. Ambiri amati wamalonda weniweni sawononga ndalama pa tulo. Maganizo amenewa ngolakwika kwa munthu wachikulire. Wofika pachilumba miyendo itatupa, mutu ukuwawa, amataya tsiku loyamba la malonda ali chigonere, kapena amagulitsa motchipa kuti athane nazo akapume. Kusiyana kwa mtengo wa kalasi yotchipa ndi yachiwiri n'kofunika kukuwerengera ngati ndalama ya thiransipoti ya katundu, pakuti wogulitsayo ndi mbali ya katunduyo.

Chovuta n'chakuti munthu akakwera m'mwamba katundu amatsala pansi, ndipo zinthu zimasowa kapena kusinthana makamaka sitima ikaima, pamene aliyense akukoka chake. Ndiponso masitepe a m'sitima ngotsetsereka, si okwera ndi kutsika kakhumi usiku umodzi. Apa m'pamene kuyenda awiri kapena atatu kumathandiza: mmodzi agona, wina alonda, ndipo sitima ikaponya nangula onse amakhala pa katundu.

Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti nyanja imakhala ya mwera, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imene imadzutsa mafunde aakulu, makamaka pakati pa Nkhata Bay ndi zilumba pomwe nyanja njotambalala ndi yakuya. Anthu a m'mbali mwa nyanja saiwala kuti sitima ya Vipya idamira pa 30 Julaye 1946 kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kutaya miyoyo, ndipo inali nyengo yomweyi. Ilala yadutsa m'mwera wambiri, koma amalinyero akanena kuti boti ladzaza kapena kuti anthu adikire mafunde atsike, si nthawi yokangana. Ndi nyengo imeneyinso pamene asodzi amalephera kulowa m'madzi masiku angapo otsatizana, nsomba n'kudula. Wopita kukapikula mu Julaye atenge ndalama zoonjezera, kapena akonzekere kubwerako ndi zochepa.

Wovutika ndi nseru akhale chapakati pa sitima pomwe sipagwedezeka kwambiri, pamalo opita mphepo, adye zopepuka asananyamuke, ndipo maso aziyang'ana patali osati pa foni. Usiku wa Juni ndi Julaye pamadzi pamazizira zedi, juzi ndi bulangete si zosiya. Amene amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena ma ARV atenge okwanira masabata awiri ngakhale ulendo uli wa sabata imodzi, ndipo akhale m'chikwama cha pathupi, osati m'katoni yomwe ili pansi pa makatoni ena. Ku Likoma kuli chipatala cha St Peter's cha mpingo wa Anglican, koma nkhani yaikulu imafuna kuwolokera kumtunda. Madzi akumwa atengeretu. Mliri wa kolera umene udayamba mu 2022 udakantha kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo wa m'sitima akatsegula m'mimba alibe kothawira.

Pa ndalama, Airtel Money ndi TNM Mpamba zachepetsa mantha oyenda ndi mtolo wa makwacha, koma netiweki imaduka pakati pa nyanja, ndipo pa tsiku la sitima maejenti akhoza kutheredwa ndalama chifukwa aliyense akutapa nthawi imodzi. Asodzi ambiri ndi anyamata aganyu amafuna ya m'manja. Ndi bwino kugawa: ina pafoni, ina m'lamba wa m'chiuno, ndi yochepa yosinthasintha m'thumba lapafupi kuti polipira boti munthu asatulutse mtolo wonse pagulu. Amene akopeka ndi gombe la Mozambique, lomwe limaoneka pafupi kwambiri kuchokera pa Likoma, akumbukire kuti ku Cobue ndi dziko lina: kumafunika zitupa zodutsira malire, ndalama yake ndi metical, ndipo katundu wolowa naye kuno ali ndi malamulo a msonkho.

Alendo a pamwamba aja nawonso ndi makasitomala, ngakhale a geni ambiri amangowadutsa. Akatsika ku Likoma amapita kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene ntchito yochimanga idayamba mu 1903, ndipo ku Nkhata Bay amakhala ndi maola ambiri odikira sitima ikutsitsa ndi kukweza. Achikulire mwa iwo sagula mpando wosema kapena chinthu cholemera, poti adzakwera nacho makwerero omwe aja kenako ndege yowerenga makilogalamu. Amagula chitenje, mkanda, kachosema kokwana m'dzanja, mtedza wokazinga womata bwino, nthochi ndi madzi a m'botolo losatsegula. Sakonda kuunjikiridwa, ndipo wogulitsa amene ali ndi chenji chokwanira komanso wotchula mtengo umodzi womveka ndi amene amagulitsa. Wofuna kutsatsa malonda m'sitima momwemo ayambe wafunsa akuluakulu a sitimayo, chifukwa malo apamwamba salowa munthu wopanda tikiti yake.