Kompyuta Ikakhuta

Aphunzitsi anzanga a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, kuyambira mu 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a Computer Studies, masukulu ambiri akhala akudalira makompyuta owerengeka cabe. Imodzi ikayamba kuzengereza mayeso atayandikira, kalasi lonse limavutika. Musafulumire kunena kuti yafa. Kawirikawiri imakhala itangokhuta.

M'kompyuta muli nkhokwe yochedwa disiki. Cigawo cake ca C: ndico cimasunga Windows, pulogramu imene imadzutsa makina mukawayatsa. Pogwira nchito, mapulogramu amasiya m'menemo timafayilo tosakhalitsa, monga madeya otsala pamtondo. Timeneti tikaunjikana, Windows imasowa potambasulira miyendo.

Mankhwala ake salira ndalama. Dinizani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cleanmgr, dinizani Enter, ndipo sankhani C:. Congani Temporary files ndi Recycle Bin. Koma yambani mwasuzumira m'binimo, pakuti mwana amataya nchito yake mosadziwa, ndipo mukalikhuthula n'kovuta kuibweza. Mungathenso kulemba %temp% m'kabokosi komweko ndi kufufuta zimene zaoneka. Fayilo yokana kucoka isiyeni, pali pulogramu imene ikuigwiritsa nchito.

Apa ndipo ambiri amalakwa: dzanja likazolowera kufufuta, limalowa m'foda ya Windows yeniyeniyo. M'menemo musakhudzemo ai, ngakhale dzina la fayilo lioneke lacabecabe, cifukwa mawa makinawo angakane kudzuka. Nyimbo ndi mafilimu, amene kunena zoona si ana okha amene amawalowetsamo, asamutsireni pa fulashi.