Kabokosi koyatsira makombola kangatithere anthu

Mwezi wa Disembala chaka chathachi ndidali paukwati wa mwana wa mchemwali wanga mu holo ina ku Blantyre kuno. Monga mwa masiku ano, ukwati sukoma popanda moto wothetheka pamene akwati akulowa, ndiye a komiti adalemba ganyu mnyamata wina kuti adzayatse makombola anayi kutsogolo kwa siteji. Akwati asanafike n'komwe pakhomo, khombola limodzi lidangoti phuu! lokha, nthawi yomwe kamtsikana komwaza maluwa kamadutsa. Diresi lake la nayiloni lidabooka pamalo atatu ndipo mwendo udatuluka matuza. Woyendetsa mwambo adaponya nthabwala, anthu adaseka, perekaniperekani nkupitirira. Ine chimwemwe chidandithera pomwepo.

Mwambo utatha ndidamulondola mnyamatayo kuseri kwa masipika. Ndidapeza kabokosi kamatabwa, batire ya njinga yamoto, mabatani a belu wa pakhomo ndi mawaya omata ndi selotepi.

“Achimwene, chinthuchi mudagula kuti?” ndidafunsa.

“Ndidapanga ndekha, madala. Ndidaonera pa YouTube,” adayankha uku akunjenjemera. Adati iye sadadine kanthu, adangolumikiza waya ku batire basi. Ndidamukhulupirira, ndipo nchifukwa chake ndalemba nkhaniyi.

Ndisanapitirire, ndinene kuti sindikunyoza luso la ana athu. Dziko lino lidabereka William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotola kudzala. Koma makina a Kamkwamba akalakwika, babu imangozima. Kabokosi koyatsira makombola kakalakwika, munthu amapsa. Kusiyana kwake nkomweko.

Makombola a pasiteji sayatsidwa ndi machesi a m'khitchini ayi. M'kati mwake amalowetsamo kamutu kokhala ngati ka machesi, kokhala ndi kawaya kopyapyala kuposa tsitsi. Magetsi akadutsa, kawayako kamatentha nkuyatsa mankhwala. Magetsi ofunika ndi ochepa zedi, mwakuti ngakhale mabatire a tochi angathe kuyatsa. Apa ndiye pagona vuto. Kupanga bokosi loti liyatse nkosavuta, mwana wa Fomu 2 angathe. Ntchito yeniyeni ndi kupanga bokosi loti lisayatse pamene mwini wake sanafune.

Taonani njira zomwe ngozi imadzera. Batani likhoza kukanirira m'kati mwini wake osadziwa, ndiye ukangolumikiza batire moto umabuka, monga zidachitikira paukwati uja. Mawaya awiri osakutidwa bwino akhoza kukhudzana munthu akawaponda. Ena amaika kababu koyesera ngati waya walumikizika, osadziwa kuti magetsi odutsa m'kababuko akachuluka amayatsa khombola lomwe akuliyesalo, nkhope ili pomwepo. Ena amagwiritsa ntchito marimoti otchipa a mtundu wotsegulira geti, omwe ambiri amayendera pa mafunde amodzimodzi, moti rimoti ya munthu wina kunja kwa mpanda ikhoza kulamula bokosi lako. Ophunzira okonda timakompyuta ting'onoting'ono adziwenso kuti pamene kachipangizoko kakudzuka, kapena batire ikafooka, kakhoza kutumiza magetsi kumene sikadauzidwe. Ngakhale magetsi aja amathetheka pa juzi m'nyengo youma ndi mdani wa timitu timeneti, nchifukwa chake odziwa ntchito amapotera pamodzi nsonga ziwiri za waya mpaka nthawi yolumikiza itakwana.

Mabokosi a akatswiri amakhala ndi kiyi yochotseka imene woyatsa amayenda nayo m'thumba akamalumikiza mawaya. Amafunanso kuti munthu agwire mabatani awiri nthawi imodzi, ndipo akangochotsa chala, zonse zimazima. Koma ngakhale iwo zimawaonekera. Pa 4 Julayi 2012 ku San Diego m'dziko la America, makombola omwe adayenera kuphulika kwa mphindi zoposa 15 adaphulika onse pakamodzi nkutha pasanathe mphindi imodzi, kaamba ka vuto la pakompyuta. Palibe adavulala chifukwa makombolawo adali patali ndi anthu, ambiri pa mabwato m'nyanja. Nanga zikadachitika mu holo yodzaza ndi azakhali ndi ana?

Wina anena kuti, “Aaa, inu, timoto tating'ono ngati timeneti tingaphe munthu?” Tamverani. Pa 20 Febuluwale 2003, mu kalabu yotchedwa The Station ku West Warwick, Rhode Island, gulu loimba la Great White lidayamba nyimbo yoyamba ndi makombola othetheka ngati a paukwati uja. Moto udagwira siponji yomata m'makoma yoletsa phokoso. Pamphindi zochepa nyumba yonse idali lawilawi, anthu 100 adafa ndipo oposa 200 adavulala. Daniel Biechele, yemwe adayatsa, adavomera mlandu ndipo mu 2006 khoti lidamulamula kukakhala kundende zaka 4.

Pa 27 Januwale 2013 mu kalabu ya Kiss ku Santa Maria, Brazil, anthu 242 adafa, ambiri mwa iwo ophunzira a payunivesite. Oimba adagula khombola loyatsira panja chifukwa lidali lotsika mtengo kuposa la m'nyumba. Chozimitsira moto chidakana kugwira ntchito, khomo lotulukira lidali limodzi, ndipo poyamba alonda adatsekereza anthu poganiza kuti akuthawa mabilu. Ambiri sadafe ndi malawi, adafa ndi utsi wa poizoni wochokera ku siponji. Pa 30 Okutobala 2015 zomwezi zidachitika mu kalabu ya Colectiv ku Bucharest, Romania, komwe anthu 64 adataya miyoyo. Mkwiyo wa anthu udakula mpaka nduna yaikulu Victor Ponta idatula pansi udindo. Mu Seputembala 2023 ku Hamdaniya m'dziko la Iraq, makombola adayatsa denga la holo akwati akuvina, ndipo anthu oposa 100 adafa. Mu Malichi 2025 ku Kočani, North Macedonia, kudafanso anthu oposa 50.

Kunena chilungamo, ngozi zimenezi sizidayambe ndi mabokosi opanga pakhomo. Makombolawo adayaka panthawi imene owayatsa adafuna, komabe anthu adatha. Tsono ngati moto woyatsa dala umatero, kuli bwanji moto wobuka wokha, woyatsa akuyang'ana kumbali?

Tiyeni tiyang'ane maholo athu. Okongoletsa amakuta denga ndi makoma ndi nsalu za nayiloni, nkuwonjezapo maluwa apulasitiki ndi mabaluni. Mawindo onse ali ndi zitsulo zoletsa akuba. Zitseko za m'mbali timazikhoma ndi loko kuopa olowa opanda makadi, kiyi nkupita nayo mlonda amene wapita kukagula fodya. Chozimitsira moto, ngati chilipo, palibe akudziwa kuti chidadzazidwa liti. Ku America malamulo a NFPA 1126 amati khombola la pasiteji litalikirane ndi oonerera ndi mamita osachepera 4.6. Paukwati uja ndidayesa ndi mapazi anga, mpando woyamba udali pa mapazi asanu.

Kwa inu amalonda a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amene mumaoda makombola Khirisimasi ikayandikira, ndikudziwa kuti ndalama ikuvuta. Koma werengani zolembedwa pakatoni. Ngati palembedwa kuti ndi oyatsira panja, muuzeni wogulayo mosabisa, ngakhale atapita kukagula kwa mnzanu. Musamaunjike makatoniwo pafupi ndi mbaula ya mayi wachipisi kapena mawaya a magetsi olumikiza mwachinyengo, poti misika yathu yapsa kokwanira. Eni maholo ndi a komiti za maukwati, funsani woyatsayo kuti adaphunzira kuti, ndipo akuonetseni kiyi ya bokosi lake. Akayamba kukanda m'mutu, mubwezeni. Kulinso makina othetheka omwe amati ndi a moto wozizira. Nawo amamwaza ufa wachitsulo wotenthetsedwa, choncho musawaike pansi pa nsalu.

Kwa inu ophunzira a zamagetsi, pitirizani kupanga zinthu, dziko likukudalirani. Koma bokosi lanu liyeseni ndi mababu, lionetseni kwa aphunzitsi anu, ndipo musaliyesere pa khamu la anthu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ganyu ya tsiku limodzi isakusandutseni wamlandu moyo wanu wonse.

Aboma nawo asadikire maliro kuti apange komiti yofufuza. Makhonsolo a mizinda amene amapereka ziphaso ku maholo ndi malo azisangalalo ali ndi ozimitsa moto awo. Bwanji osawatuma kuti aziyendera malowa, nkuletsa makombola m'nyumba iliyonse yopanda zitseko zokwanira?

Mnyamata uja ndidakumana nayenso mwezi wathawu m'basi. Adandiuza kuti adapita kukapepesa kwa makolo a mwana uja, ndipo ataphwasula bokosi lake adapeza kuti batani limodzi lidakanirira ndi dzimbiri. Batani la belu wa pakhomo, abale. Mwanayo chilonda chidapola koma chipsera chilipo, ndipo mayi ake akuti akangomva khombola amathawira kunsi kwa bedi.